Golide Amene Ankathawa Mzikiti

Cha m'ma 1337, mlembi wina wobadwira ku Damascus, dzina lake al-Umari, analemba za ufumu wa Mali monga anazimvera kwa anthu amene anakhalako kumeneko ndi ena amene anacheza ndi mfumu yake, Mansa Musa, ku Cairo. M'zolemba zakezo muli kankhani kamodzi kamene kamandisowetsa mtendere kuposa nkhani zonse za ngamila zosenza golide zimene timakonda kuuza ana a sukulu. Akuti mafumu a Mali anali ndi mphamvu zolanda madera onse okumbidwa golide, koma anadziletsa. Anali ataona kuti akangogonjetsa mudzi wa golide, Chisilamu n'kulowa, mawu oitanira anthu ku swala n'kuyamba kumveka, golide ankayamba kuchepa mpaka kusoweratu, pamene m'midzi yoyandikana nayo ya anthu opembedza mizimu ankachuluka. Zitachitika kangapo, mafumuwo anaganiza zowasiya eni nthaka ndi chipembedzo chawo, iwo n'kumangolandira msonkho.

Golide alibe makutu, choncho chifukwa chake tichifune mwa anthu. Amene ankakumba ku Bambuk, pakati pa mitsinje ya Senegal ndi Falémé, ndi ku Bure kumtunda kwa mtsinje wa Niger, anali alimi wamba. Ankalowa m'maenje m'chilimwe, zokolola zili m'nkhokwe, amuna akukumba, amayi akutsuka dothi m'zikho mpaka fumbi lonyezimira litatsalira pansi. Mungo Park anawapeza akuchitabe motero m'ma 1790. Kwa anthu amenewa golide anali ndi eni ake, mizimu ya pansi pa nthaka, ndipo munthu sankayamba dzenje asanapereke nsembe. Ndiye taganizani asilikali afika, wansembe wa m'mudzi wachotsedwa ulemu, malo a nsembe aletsedwa. Ndani angatsikire m'dzenje loti likhoza kumugumukira, eni ake asanapepesedwe? Mmene ine ndimaimvera nkhaniyi, anthu ankangonyamula makasu awo n'kusamukira kumene ankhondo sanafike, golide n'kupita nawo.

Koma mtima wanga uli pa mafumuwo. Anali Asilamu, ndipo osati a pakamwa pokha. Mansa Musa anayenda ulendo wa Haji mu 1324, anamangitsa mizikiti, anatumiza ophunzira ku Fez. Munthu wotere amakhulupirira ndi mtima wonse kuti mnansi wake wothira nsembe kwa mizimu akutayika. Komabe anamusiya dala mmene analirimo, kuti nkhokwe ya mfumu isaphwe. Kodi uku kunali kulolerana, ukoma umene lero timaulalikira m'matchalitchi ndi m'mizikiti momwe, kapena linali dyera lovala mkanjo? Akhristu ndi Asilamu amagwirizana kuti Mulungu amayesa cholinga cha mumtima, osati ntchito yokha. Ngati ndi choncho, chabwino chochitidwa chifukwa cha phindu chili ndi dzina lanji pamaso pake?

Khalidweli silinayambe ndi Mali. Mu 1068 al-Bakri, ali ku Andalusia, analongosola likulu la Ghana, ufumu wa Asoninke umene unatsogola, womwe unali m'dera limene lero ndi kum'mwera kwa Mauritania ndi kumadzulo kwa Mali. Likululo linali mizinda iwiri. Wina unali wa Asilamu, wokhala ndi mizikiti 12, maimamu ndi akatswiri a malamulo. Wina, pa mtunda wa mailosi 6, unali wa mfumu, wozunguliridwa ndi nkhalango zopatulika mmene munali manda a mafumu ndi ansembe a chipembedzo cha makolo. Mfumuyo, Tunka Manin, sinali Msilamu, koma omasulira ake, msungichuma wake ndi nduna zake zambiri anali Asilamu, ndipo pafupi ndi bwalo lake panali mzikiti wa alendo. Kanthu kamene kamandigwira mtima kwambiri ndi ka moni. Anthu a chipembedzo cha mfumu akafika pamaso pake ankagwada n'kudzithira fumbi kumutu. Asilamu, amene sagunditsa nkhope pansi kwa wina koma Mulungu yekha, ankaloledwa kungoomba m'manja. Mfumu yokhala ndi mphamvu yopha inavomera kulandira ulemu wochepa kuti alendo asachimwire chikhulupiriro chawo. Chifukwa chake sichobisika. Pa bulu aliyense wosenza mchere wolowa m'dziko, mfumu inkalandira dinari imodzi ya golide, ndipo potuluka inkalandira ziwiri. Alendo oomba m'manjawo ndiwo ankabwera ndi abuluwo.

Choncho ku Ghana mfumu yopembedza mizimu inalekerera Asilamu chifukwa cha malonda, ndipo ku Mali mfumu yachisilamu inalekerera opembedza mizimu chifukwa cha malonda omwewo. Amene amanyoza mtendere wotere ponena kuti ndi wa pamsika ndikuwapempha ayambe aganizira mayi wa ku Bambuk, ali chowerama pamtsinje ndi chikho chake. Zimene zinali mumtima mwa mansa iye analibe nazo ntchito. Chimene ankadziwa n'chakuti nyumba yake sinatenthedwe, ana ake ali pakhomo, ndipo akhoza kuthira nsembe pamene agogo ake ankathira. Mbiri ya dziko lapansi yadzaza ndi mafumu a mtima woona amene anapha anthu pofuna kuwapulumutsa. Pakati pa mfumu yotero ndi mfumu yowerengera phindu koma n'kundisiya wamoyo, ine ndingasankhe yachiwiriyo mosazengereza. Ndipo mtendere wa pamsikawo unali weniweni. Ibn Battuta, amene anafika ku Mali mu 1352 m'nthawi ya Mansa Sulayman, anali mlendo wodandaula pa chilichonse, kuyambira chakudya mpaka mphatso yochepa imene mfumu inamupatsa. Koma anavomereza kuti wapaulendo sankaopa wakuba kapena wachifwamba m'dzikomo, ndi kuti wamalonda wachilendo akamwalira, chuma chake, chichuluke chotani, chinkasungidwa kwa munthu wodalirika mpaka woyenera kuchilandira atabwera.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Njira imene Ibn Battuta anadzera popita kukaona mtenderewo inadutsa pa Taghaza, ulendo wa masiku 25 kuchokera ku Sijilmasa, pakati pa chipululu cha Sahara. Kumeneko kunalibe mtengo ndi umodzi womwe. Nyumba ndi mzikiti zinali zomangidwa ndi miyala ya mchere, madenga ake zikopa za ngamila. Madzi anali amchere, ntchentche zili ponseponse. Okhala kumeneko anali akapolo okhaokha, eni ake anthu a mtundu wa Massufa, ndipo akapolowo ankakumba mchere pansi pa mchenga n'kuudula zigawo zikuluzikulu, ziwiri zokwana katundu wa ngamila imodzi. Palibe chimene chinkamera, moti ankadya zipatso za kanjedza zochokera kumpoto, nyama ya ngamila ndi mapira ochokera kum'mwera, zonse zodikira kuti amalonda abwere nazo. Katundu mmodzi wa mcherewo ankagulidwa mithqal 8 mpaka 10 za golide ku Walata, koma akafika ku likulu la Mali ankafika pa 20, 30, mwina 40, ndipo mithqal imodzi inali magalamu opitirira pang'ono 4. Kum'mwerako anthu ankaduladula mcherewo n'kumagulira zinthu monga ndalama. Mchere umene unkagula golide wa mayi wa ku Bambuk uja unkachokera m'manja mwa anthu amenewa. Ibn Battuta analemba mitengo yonseyi mosamala, koma sanalembe dzina la wokumba ndi mmodzi yemwe. Pobwerera kwawo mu 1353 ananyamuka ku Takedda pamodzi ndi gulu la amalonda limene linali ndi akapolo aakazi pafupifupi 600, ndipo anazinena ngati mmene munthu angatchulire nyengo ya tsikulo.

Anthu amenewa ankachokera kuti? Apa ndiye pagona nkhani. Malamulo achisilamu, monga akatswiri a nthawiyo ankawamvera, ankaletsa kusandutsa Msilamu mfulu kukhala kapolo, koma ankalola kugwira ukapolo munthu wosakhulupirira wogwidwa pa nkhondo, ngati dziko lake linalibe pangano ndi Asilamu. Kale mu 1154 al-Idrisi anali atalemba kuti anthu a ku Ghana, Takrur ndi Silla ankathira nkhondo anthu a kum'mwera otchedwa Lamlam n'kuwagulitsa kwa amalonda opita kumpoto. Tsono onani mmene zinthu ziwirizi zikukhalira pamodzi. Wopembedza mizimu wokhala pamwamba pa golide ankasiyidwa ndi mizimu yake chifukwa akalowa Chisilamu golide atha. Wopembedza mizimu wokhala pa nthaka yopanda golide anali wololedwa kugwidwa, ndipo akanalowa Chisilamu asanagwidwe, sakanagulitsika. Mbali zonse ziwiri, kusakhulupirira kwa mnansi kunali kopindulitsa. Dzanja limene linateteza mayi wa ku Bambuk ndi lomwelo limene linamanga mnzake goli, ndipo linachita zonse ziwiri powerengera chinthu chimodzi, chakuti munthu uyu atipatsa chiyani.

Ichi ndicho chimandiletsa kutcha chisankho cha mafumu aja ukoma. Vuto si lakuti cholinga chinali chodetsedwa pang'ono, pakuti ndi ntchito zochepa za anthu zimene zimachokera mumtima woyera kotheratu, ndipo Mulungu akanakana zonse zosakanizika, palibe sadaka kapena chopereka chimene chikanalandiridwa. Vuto ndi lakuti funso limene anafunsa linali lolakwika. Anafunsa za mtengo wa munthu. Yankho likakomera munthuyo amapulumuka, likamuipira amagulitsidwa, koma funso ndi lomwelo.

Ngakhale m'kati mwa ufumu wa Mali, chitetezo cha munthu chinkatsata malo amene anabadwiramo. Amandinka, eni ufumuwo, ankagawa anthu patatu. Panali mfulu, otchedwa horon, amene anali alimi, ankhondo ndi mabanja achifumu. Panali amisiri, nyamakala, omwe ndi osula zitsulo, ofufuta zikopa ndi ajeli, oimba ndi kusunga mbiri ya mabanja. Pansi panali akapolo, jon. Amisiri ankakwatirana okhaokha, ndipo mwana wa wosula ankakhala wosula. Mfulu ankawaopa ndi kuwapeputsa nthawi imodzi, koma sankatha kukhala popanda iwo, pakuti khasu ndi mkondo zinkachokera kwa wosula, ndipo dzina la mfumu linkakhala ndi moyo pakamwa pa jeli. Ibn Battuta anaona mmene Dugha, womasulira wa Mansa Sulayman, ankaimira pakhomo la bwalo atavala zovala za silika, aliyense wofuna kulankhula ndi mfumu n'kumadzera mwa iye. Anaonanso alakatuli atavala nthenga ndi milomo ya mbalame yosemedwa pa mtengo, akukumbutsa mfumu pa tsiku la Idi ntchito za mafumu amene anaitsogolera, kuti nayonso ichite zoti zidzakumbukiridwe. Iye anaziona ngati zoseketsa, koma apa mwambo wa makolo unali kulangiza mfumu yachisilamu pa tsiku lopatulika la Asilamu, ndipo mfumu inkamvetsera. Pali anthu lero amene amatamanda dongosololi ponena kuti aliyense anali ndi malo ake. Zoona, anali nawo. Kapolonso anali ndi malo ake.

Chimene chimandiwawa n'chakuti chipembedzo chinali nayo mphamvu yoletsa ngakhale mfumu. Al-Umari akusimba kuti ku Cairo, Ibn Amir Hajib, mkulu wa boma amene anazolowerana ndi Mansa Musa, anamva kuti kwawo anthu ankapereka ana awo aakazi okongola kwa mfumu, iyo n'kuwatenga popanda ukwati ngati kuti ndi akapolo. Anamuuza kuti zimenezi n'zoletsedwa kwa Msilamu. Musa anafunsa ngati lamulolo likukhudzanso mafumu, ndipo atauzidwa kuti likuwakhudza, analumbira kuti sankadziwa, n'kulonjeza kuti wasiya. Munthu amene anagawa golide ku Cairo mpaka mtengo wake unatsika, mithqal kuchoka pa madirihamu 25 kufika pa 22, n'kukhala wotsika zaka 12 pambuyo pake, anagonjera mawu a lamulo pa nkhani ya chilakolako chake. Koma lamulolo linateteza ana a mfulu. Za akapolo, panalibe amene anamudzudzula, ndipo ku Cairo komweko anthu ake anagula ena.

Pali munthu mmodzi m'mbiriyi amene anayesa kuika kulolerana pa maziko ena. Malonda a golide ankayendetsedwa ndi amalonda achisilamu otchedwa Wangara, amene pambuyo pake anadziwika kuti Dyula. Iwo ankakhala m'timagulu tating'ono pakati pa anthu osakhala Asilamu, kuyambira ku Bambuk mpaka ku Begho m'mphepete mwa nkhalango za Aakani, pansi pa mafumu othira nsembe. Moyo wotere unali ndi funso lake lachipembedzo, pakuti akatswiri ena ankaphunzitsa kuti Msilamu asakhale pansi pa mfumu yosakhulupirira, asamuke kapena amenye nkhondo. Shehe wina wachisoninke, al-Hajj Salim Suwari, amene dzina lake limagwirizana ndi Dia ku Masina ndi Jakhaba ku Bambuk, anapereka yankho limene ophunzira ake analisunga kwa mibadwo yambiri. Monga katswiri wa mbiri Ivor Wilks analifotokozera, chiphunzitso chake chinali chakuti kusakhulupirira kumachokera ku kusadziwa, osati ku kuipa mtima. Mulungu ndiye anaika nthawi imene munthu aliyense adzaone choonadi, ndipo kumukakamiza ndi lupanga ndi kulowerera ntchito ya Mulungu. Msilamu akhoza kumvera mfumu yosakhulupirira bola ikumulola kusunga chipembedzo chake. Udindo wake ndi kukhala chitsanzo chabwino ndi kusaleka kuphunzira, kuti pokhala pakati pa ena asasungunuke. Otsatira ake, Ajakhanke, anakana kulowa m'nkhondo ndi m'mipando yandale, n'kumanga midzi ya sukulu.

Wina akhoza kunena kuti Suwari anangoveka zofuna za amalonda chovala chachipembedzo, popeza wamalonda safuna kukangana ndi womugula. Mwina chiphunzitsocho chinamera pamsika, koma ine sindiona cholakwa pamenepo. Chofunika n'chakuti chinasintha funso. Mansa ankasiya wopembedza mizimu chifukwa cha zimene munthuyo ankatulutsa. Suwari ankamusiya chifukwa mtima wa munthuyo ndi munda wa Mulungu, ndipo munthu mnzake alibe chilolezo cholowamo mwa mphamvu. Chifukwa choyambacho chimatha tsiku limene dzenje la golide lauma. Chachiwiricho chimakhalabe ngakhale munthuyo alibe kanthu kalikonse. Umboni wake ulipo: m'ma 1700 ndi m'ma 1800, pamene nkhondo za jihad zinasesa madera ambiri a kumadzulo kwa Afirika, mashehe ambiri a mzere wa Suwari anakana kuzilowa, ngakhale mphepo yonse inkaombera kumeneko.

Komabe sindingabise kuti midzi yamtendere ya Ajakhanke inkalimidwa ndi akapolo. Shehe ankapeza nthawi yowerenga ndi kuphunzitsa chifukwa wina ankagwira khasu m'malo mwake, ndipo amalonda a Dyula ankanyamula anthu pamodzi ndi golide, mtedza wa kola ndi nsalu. Chiphunzitso chimene chinati mtima wa mnansi ndi wa Mulungu sichinafike ponena kuti thupi lakenso ndi la Mulungu. Monga munthu wopembedza, apa ndi pamene ndimaima nthawi yaitali. Ngati Mulungu akudikira munthu moleza mtima mpaka tsiku limene anamuikira, ine ndingamugulitse bwanji ali m'kati modikiridwa? Kumusiyira munthu mulungu wake uku ukumulanda ana ndi dzina, sindingakutche kumulemekeza. Ndipo sindikuloza chala Asilamu okha, pakuti Akhristu a ku Portugal amene anafika m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic m'ma 1440 ankabatiza akapolo awo n'kuwagulitsabe, zomwe zikuonetsa kuti kwa iwo ngakhale kukhulupirira sikunkamasula munthu.

Amene anayandikira kwambiri funsoli ndi Ahmad Baba wa ku Timbuktu, wobadwa mu 1556. Asilikali a ku Morocco atagonjetsa ufumu wa Songhay pa Tondibi mu 1591, iye ndi akatswiri anzake anamangidwa, ndipo mu 1594 anawolotsedwa chipululu kupita ku Marrakesh, mabuku ake atalandidwa. Anabwerera kwawo mu 1608. Munthu uyu ankadziwa kulawa kwa kutengedwa mokakamizidwa pa njira yomwe ankadzera akapolo. Mu 1615 anthu a ku Tuat, kumene amalonda ankadutsa, anamufunsa za akapolo akuda amene ankagulitsidwa m'misika yawo, ndipo anayankha m'kabuku kotchedwa Mi'raj al-su'ud. Anakana mwamphamvu maganizo akuti khungu lakuda ndi chizindikiro cha ukapolo, ndipo anatsutsa nthano ya temberero la Hamu imene ena ankadalira. Anati kapolo akanena kuti ndi Msilamu mfulu wochokera kudziko la Asilamu, umboni ufunidwe kwa womusungayo, osati kwa iye. Analangiza kuti akapolo achitiridwe chifundo, pakuti nawonso ndi ana a Adamu. Kunena zimenezi pa nthawi imeneyo kunafuna mtima wolimba, ndipo ndimamulemekeza.

Koma atachotsa khungu, anasiya chifukwa chimodzi chili chilili, kusakhulupirira. Ndipo kuti ofunsawo asavutike, anawalembera mayina a mitundu. Mbali imodzi anaika anthu a ku Bornu, Kano, Katsina, Songhay ndi Mali, amene ndi Asilamu ndipo sayenera kugulitsidwa. Mbali ina anaika Amossi, Agurma, Ayoruba ndi mitundu ina imene inali isanalowe Chisilamu. Amalonda a ku Tuat analandira yankho loti akhoza kugwira nalo ntchito, ndipo magulu a ngamila anapitiriza kuwoloka Sahara ndi anthu mpaka m'ma 1800.